Ndalama ikangokwana chinthu chimodzi, asankhe ndani?

Namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Marichi 2023, ife a kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje tinatsala ndi mabala atatu. Kamlatho kathu kopita kumsika kanakokoloka, mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'phiri anaduka n'kukwiririka ndi miyala, ndipo makalasi awiri a pasukulu anasasuka denga. Maliro titalira, matope atauma, kunamveka kuti kwapezeka ndalama ya chitukuko, koma yongokwana chimodzi mwa zitatuzo.

Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa komiti ya chitukuko ya kwa gulupu wathu, ija timangoti VDC, choncho zimene zinakambidwa tsiku logamula nkhaniyi ndinalemba ndine. Msonkhano unachitika Lachiwiri m'mawa. Othyola tiyi anali kuesiteti, amayi ambiri anali kumtsinje ndi zidebe, anyamata a kabaza anali pamsewu. Tinalipo anthu osakwana 30, ndipo tinasankha mlatho. Sindikunena kuti tinalakwa, mlathowo ulipo ndipo tonse tikuwolokapo. Koma mpaka lero pali mayi wina amene akandipeza amandifunsa kuti, "Alembi, kodi ife munatifunsa liti?" Akawonjeza kuti mlathowo unadya ndalama zingati, ndimangoyang'ana kumbali, chifukwa pepala la mtengo wake sindinalionepo ngakhale ndinali mlembi.

Chiyambire pamenepo ndakhala ndikusinkhasinkha njira zogamulira zinthu za gulu, zathu zakale ndi zina zimene anzathu akuyesa kwina. Iliyonse ndimaiyeza ndi mafunso amene mayi uja anandisiyira: kodi amene vuto likumupweteka walankhulapo? Kodi ndalama ikuyenda poyera? Nanga zikapotoka, tigwira ndani pamkono?

Bwalo la amfumu

Ndiyambe ndi bwalo, poti ndilo tinalipeza. Ubwino wake sufuna kufotokoza kwambiri. Silifuna alawansi, silifuna galimoto yochokera kuboma. Nduna ikalengeza madzulo, mawa anthu asonkhana pansi pa mtengo. Mfumu sichoka pakatha zaka zisanu ngati phungu. Ikagamula zopusa, idzakumana nafe kumaliro, kuchigayo ndi kutchalitchi mpaka kufa kwake, ndipo manyazi amenewo ndi chingwe champhamvu kuposa malamulo ambiri olembedwa.

Tisaiwalenso kuti madzi a m'mipopi amene tikuwalira lerowa anabwera kudzera pabwalo. M'zaka za m'ma 1970 boma linkapereka mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zoyala mapaipiwo kuchokera m'phiri mpaka m'midzi anakumba ndi makolo athu ndi makasu awo, mudzi uliwonse chigawo chake, mafumu akuyang'anira. Palibe komiti yobwera ndi mafayilo imene ikanadzutsa anthu ochuluka chonchija. Ikafika nkhani youmba njerwa, kututa mchenga kapena kuswa miyala, mpaka pano mawu a gulupu ndiwo amayenda.

Koma amene anakhalapo pabwalo akudziwa mmene zimathera. Amayamba kulankhula ndi nduna, kenako akuluakulu a m'banja lachifumu, kenako abambo odziwika. Pofika kwa amayi okhala pamphasa cha uko, mphepo yadziwika kale kumene ikulowera. Mfumu ikangokhosomola mosonyeza mbali imene yakonda, otsala onse amangothira ndemanga. Pomaliza nduna imafunsa kuti, "Tagwirizana eti?" Gulu limayankha kuti "Eee!" n'kuomba m'manja, ndipo zotsutsa zonse zimakatulukira m'njira pobwerera kunyumba. Kukhala chete kwa anthu timakulemba m'buku ngati kuvomera.

Kuno kuli chinanso chimene alendo obwera ndi mapulojekiti sachimvetsa msanga. Ndife a chikamwini. Munda ndi wa mbumba, mwamuna anachita kubwera. Ndiye pabwalo pamakhala zodabwitsa: eni nthaka, amene ndi amayi, mwambo umawauza kuti alankhule pomaliza ndiponso mofatsa, pamene abambo ambiri amene ali ndi mawu okweza ndi akamwini, oti akalimbikira kutsutsa amakumbutsidwa kuti kwawo n'kwina. Otsala olankhula momasuka ndi eni mbumba ochepa chabe. Mudzi wa anthu mazana umagamulidwa ndi pakamwa pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi.

Kunena zoona, ufumu nawonso si uja wakale. Mafumu amalandira mswahara kuboma, ndipo lamulo la mafumu la 1967 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yokweza kapena kuchotsa mfumu yaikulu. Chiyambire makuponi a feteleza mu 2005, kalembera wa opindula wadetsa mbiri ya mafumu ambiri, ena mosalakwa n'komwe. Mfumu ndi kudzala, aliyense amatayirako zinyalala zake. Ndipo m'maboma ano a Mulanje ndi Thyolo, kumene agogo athu anagwira thangata m'minda ya azungu, ntchito ya chitukuko yolamula ndi chindapusa cha nkhuku imakumbutsa anthu zinthu zowawa. Munthu amatuta mchenga mokondwa akakhala kuti anasankha nawo chomangidwacho. Akangouzidwa, amati thangata wabweranso.

Ine bwalo ndimaliona ngati malo abwino kwambiri otulutsira mavuto ndi kuweruzira milandu ya malire, ya mabanja ndi ya ziweto. Posankha kumene ndalama ipite, limalemera mbali imodzi.

Makomiti a VDC ndi ADC

Papepala, njira iyi ndi yokongola. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono. Kwa gulupu aliyense kukhale VDC yosankhidwa ndi anthu, kwa mfumu yaikulu kukhale komiti ya chitukuko ya dera lonse, ija timati ADC, alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zachitukuko azithandiza ndi ukadaulo, ndipo zofuna za m'midzi zizikwera mpaka kulowa m'pulani ya chitukuko ya khonsolo. Mfumu ikhale mlangizi, wapampando akhale munthu wamba. Ngakhale lamulo la malo a m'midzi la 2016 linatsata maganizo ofananawo: komiti ya malo ikhale ndi gulupu ndi anthu ena 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi.

Chimene njirayi imaposa bwalo ndi cholembera. Zimene mwagwirizana zimalembedwa, zili ndi tsiku, zili ndi mayina. Zikasowa, pali poyambira kufunsa.

Koma ndakhalamo, ndiye ndinene zimene ndinaona. Choyamba, nkhope ndi zomwezomwezo. Amene ali mu VDC ndi yemweyo ali m'komiti ya sukulu, ya mpopi, ya zaumoyo, ya nkhalango ndi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Sikuti onse ndi adyera. Kawirikawiri ndi chifukwa choti amatha kulemba, ali ndi njinga, ndipo sagwira ntchito kuesiteti. Wothyola tiyi amene amalowa m'munda m'bandakucha, makamaka nyengo ya mvula tiyi akachuluka, sangakhale pamsonkhano wa 9 koloko. Ntchito ya VDC ndi yongodzipereka, choncho imatsalira okhawo amene ali ndi mpata, ndipo ena mwa iwo amayamba kuiona ngati khomo la maphunziro a kuboma okhala ndi alawansi. Mbuzi imadya pamene aimangirira.

Chachiwiri ndicho chimafooketsa kwambiri. Mumakhala pansi masiku atatu kulemba pulani ya mudzi, mumaipereka ku ADC, ndipo imapita ngati mwala woponya m'dziwe. Palibe amene amabwera kudzanena kuti mwa zisanu mwapemphazi, ichi chatheka, izi zakanika pa chifukwa chakuti. Chaka chamawa amabweranso kudzati lembani pulani. Anthu akafika kachitatu amayamba kutumiza ana.

Tikumbukenso kuti dongosololi linakula lopunduka. Makhansala oyamba a dongosololi anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 popanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Makwerero amene anayenera kuchoka kumudzi kukafika kukhonsolo anakhala nthawi yonseyo opanda popondera pa pamwamba, ndipo anthu anazolowera kulambalala.

Kusiyira aphungu ndi makhansala

Kulambalalako kumathera kwa phungu. Thumba la chitukuko cha m'dera, CDF, linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma linakula mpaka K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Ndalama ikakula chonchi, funso loti asankhe ndani silikhalanso lamasewera.

Ubwino wa njira iyi ndi liwiro, ndiponso kuti pali nkhope imodzi yoiloza. Phungu akafuna kuti mlatho umangidwe, sadikira misonkhano isanu. Ndipo mosiyana ndi mfumu, tikhoza kumuchotsa. Vuto ndi lakuti timamuchotsa kamodzi pa zaka zisanu. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, koma aphungu eni ake analifafaniza mu 1995. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Komanso voti imodzi ya pa zaka zisanu imasenza katundu wambiri. Pa tsiku loponya voti munthu amaganiza za chipani, za mtundu, za bokosi la maliro limene phungu anagula, za galimoto imene inanyamula wodwala usiku. Za mtengo wa makalavati palibe amene amakumbuka. Phungu naye amadziwa zimenezi, ndiye nzeru yake imakhala yomwaza ndalama pang'onopang'ono kuti mudzi uliwonse uoneko kenakake: apa maziko, apo makoma opanda denga, uko matumba 20 a simenti. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Phungu akagwa pachisankho, wolowa m'malo safuna kumaliza nyumba imene anthu amaitchula dzina la mnzake. Yendani m'madera ambiri a dziko lino muwerenge zigoba za nyumba zomera udzu m'kati.

Khansala ndiye mwini ntchito ya chitukuko malinga ndi lamulo, pamene ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Koma anthu amatsata kumene kuli thumba. M'mwezi wa Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, khothi linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumba la CDF kapena kuvota m'makhonsolo. Kukokanakokana sikunathere pomwepo. Ine chimene ndikuona n'chakuti kaya thumba ligwiridwe ndi phungu, kaya khansala, kaya akuluakulu a kukhonsolo, mayi wa chidebe uja sanafunsidwebe. Tangosintha dzanja logwira, osati pakamwa posankha.

Mudzi wonse uvote pa chinthu, osati pa munthu

Apa ndiye pamene mtima wanga wagona kwambiri, ngakhale pali minga.

Mu 1989 mzinda wa Porto Alegre ku Brazil unayamba kupatula gawo la bajeti yake kuti anthu a m'madera asankhe okha choti chimangidwe, kaya msewu, ngalande za madzi oipa kapena sukulu. Njirayi inafalikira m'mayiko ambiri. Koma sitifunika kuwoloka nyanja kuti tiione. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a bungwe la Sukambizi kuno ku Mulanje, amene amagulitsa masamba awo kuesiteti ya Lujeri, amalandira ndalama yapadera ya ndondomeko ya malonda achilungamo yotchedwa Fairtrade, ndipo malamulo a ndalamayo amafuna kuti alimi eni ake agwirizane pamsonkhano wawo chochita nayo. Milatho ndi zina zothandiza pa zaumoyo zatuluka m'ndalama imeneyo. Chitsanzo china chili pakhonde penipeni. Amayi a banki m'khonde, ambiri oti sukulu sanapite nayo patali, amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama amawerenga mokweza aliyense akuona. Amene amati anthu akumudzi sangamvetse bajeti sanakhalepo pa tsiku logawana masheya.

Nkhani yathu ya mabala atatu ija ikanayenda chonchi. Poyamba amisiri a kukhonsolo anene mtengo wa chilichonse: mlatho ndi mwakuti, mapaipi mwakuti, denga mwakuti. Popanda mitengo voti ndi maloto chabe, aliyense amasankha chipatala. Kenako pabwalo mbali iliyonse ipatsidwe nthawi yofanana yodzinenera. Akatha, voti ikhale yachinsinsi. Kukweza manja pamaso pa amfumu, apongozi ndi kapitawo si voti, ndi kuyesa kulimba mtima. Sipafunika mapepala. Tchingani ndi zitenje pakona, ikani zitini zitatu zoboola pamwamba, china chojambulidwa mlatho, china mpopi, china sukulu, ndipo aliyense wamkulu apatsidwe njere za chimanga zopakidwa utoto kuti wina asabwere ndi zake m'thumba. Kuwerenga kuchitike pomwepo, pamphasa, dzuwa lisanalowe.

Ndimakonda kuti njere zikhale zitatu munthu aliyense, osati imodzi. Amene madzi akumusowetsa tulo aponye zonse zitatu kumpopi. Amene akuona kuti zonse ndi zofunika agawe. Potero chitini chimaonetsa kuchuluka kwa anthu komanso kukula kwa ululu wawo.

Minga yake nayi. Ochuluka amapondereza ochepa. Kwa gulupu wathu kuli kamudzi ka tsidya la mtsinje, mabanja ochepa, amene mlatho kwa iwo ndi nkhani ya moyo ndi imfa mayi akayamba kudwala matenda a uchembere usiku. Pa voti ya chiwerengero iwowa akhoza kugonja chaka ndi chaka. Mankhwala ake ndi kupangana chisankho chisanachitike kuti chimene chakhala chachiwiri lero ndicho choyamba ndalama ina ikadzabwera, ndipo panganolo lilembedwe. Minga ina ndi kampeni. Kontirakitala amene akununkhiza ntchito ya mlatho sangalephere kugula mowa usiku wa chisankho. Chinsinsi cha kuseri kwa chitenje chimachepetsa zimenezi, poti womwa mowayo palibe angamutsimikize kumene waponya.

Ndipo tsiku la msonkhano si nkhani yaing'ono. Lachisanu masana Asilamu ali kumzikiti. Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi, ndipo kuno ndi ambiri, makamaka mukalowera ku Thyolo cha ku Makwasa kumene kuli mishoni ya Malamulo. Lamulungu m'mawa ena onse ali kumapemphero. Masiku a msika wa ku Limbuli kapena ku Chitakale midzi imakhala pululu. Chimatsala ndi Lamulungu masana. Amene waitanitsa msonkhano Lachiwiri m'mawa, monga tinachitira ife, wasankhiratu ovota ngakhale asakudziwa.

Maere

Njira iyi anthu akaimva koyamba amaseka. Kusankha anthu oimira mudzi pochita maere? Koma si yachilendo monga imamvekera. Mumzinda wakale wa Athens maudindo ambiri ankaperekedwa mwa maere. Dziko la Ireland mu 2016 linasonkhanitsa nzika wamba 99, zotoledwa mosayang'ana nkhope, kuti zikambirane nkhani zimene andale ankaziopa, ndipo zina mwa zimene zinatuluka kumeneko dziko lonse linazivotera pa riferendamu mu 2018. Kwathu konkuno, ku Salima mu 2020, anayesa magulu asanu a anthu 20, gulu limodzi m'dera la phungu aliyense, osankhidwa mwa njira yomweyi kuti aunike kayendetsedwe ka CDF. Ndipo akatsutsa a mpingo kuti maere ndi juga, ndimawakumbutsa kuti Matiya analowa m'gulu la atumwi mwa maere.

Mphamvu ya maere ndi yakuti sagulika. Palibe kampeni, palibe chipani, palibe mwana wa mlongo wa amfumu. Mayi wamasiye wothyola tiyi ali ndi mwayi wofanana ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Munthu wofuna kudyetsa komiti chibanzi sadziwa kuti ayambe liti ndiponso kwa yani, chifukwa mayina sanatuluke, ndipo akatuluka anthuwo sakhalitsa. Kachitidwe kake n'kosavuta: mayina a akuluakulu onse a m'kaundula wa mudzi alembedwe patimapepala, a amayi m'lichero lina, a abambo m'lichero lina, mwana wamng'ono atole pamaso pa gulu.

Zofooka zake n'zoonekeratu. Maere akhoza kugwera chidakwa, kapena munthu wamanyazi woti pagulu satsegula pakamwa, kapena gogo wosaona bwino. Anthu otere amafunika wowatsogolera pokambirana, ndipo wotsogolerayo akakhala wochenjera amatha kuwakhotetsa onse mosaonekera. Amafunikanso chakudya ndi kangachepe kobwezera tsiku la ganyu limene ataya, apo ayi osauka adzakana ndipo tibwerera kwa eni njinga aja. Chachikulu, gulu lotere lilibe mphamvu m'malamulo. Likhoza kukambirana bwino, kulemba mfundo zanzeru, khonsolo n'kungoziika m'kabati.

Chifukwa cha zimenezi sindingapereke kwa anthu a maere mphamvu yosankhira mudzi wonse chitukuko. Anthu sangavomere kuti madzi awo agamulidwe ndi timapepala ta m'lichero. Koma pali ntchito imodzi imene amaposa wina aliyense, ndiyo kulondera. Anthu asanu otoledwa mwa maere pa pulojekiti imodzi yokha, ntchito yawo kuwerenga matumba a simenti akamatsika m'galimoto, kuona kuti malata ndi a geji imene inalembedwa, ndi kusaina kontirakitala asanalandire ndalama yomaliza. Kuwerenga matumba sikufuna satifiketi. Ntchito ikatha gulu lithe, ina ikabwera atolenso ena. Komiti imene yasankha kontirakitala siingakhalenso yomulondera, fisi sangasunge khola.

Gulu la WhatsApp ndi wailesi

Izi ndingozidutsa. Gulu la WhatsApp la "ana a kwathu" limathandiza kusonkha ndalama mwachangu ndi kufalitsa chithunzi cha khoma long'aluka. Koma olankhula kwambiri mmenemo ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo madzi a kumtsinje samwa. Agogo otunga madziwo alibe foni ya intaneti. Wailesi ya m'dera ngati Mzati imafika patali kuposa pamenepo, ndipo bwana woitanidwa kukayankha mafunso a oimba foni amatuluka thukuta ndithu. Zonsezi ndi zida zofuulira, si pogamulira.

Zimene zimatsala chisankho chikatha

Funso lachiwiri la mayi uja, la mtengo wa mlatho, silithetsedwa ndi njira iliyonse mwa izi payokha. Mukhoza kuvota bwino ndi njere zanu, ndalama n'kudyedwabe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, kutanthauza kuti kufunsa mtengo wa pulojekiti si mwano, ndi ufulu. Koma munthu wakumudzi sangakwere minibasi kupita kuboma kukalemba kalata yofunsa mtengo wa kalavati. Mtengowo ubwere wokha. Ulembedwe m'Chichewa pachikwangwani cha pamalo a ntchito ndi pakhoma la sukulu: ndalama zonse ndi izi, womanga ndi uyu, simenti matumba akuti, ntchito itha mwezi wakuti. Kontirakitala wokana zimenezi wadziulula yekha.

Palinso njira imene inabadwira m'dziko momwe muno, imene bungwe la CARE linayambitsa mu 2002 ndipo mayiko ena anaitengera. Anthu ogwiritsa ntchito chipatala kapena sukulu amakhala paokha n'kupereka malikisi pa zinthu monga kupezeka kwa mankhwala ndi ulemu wa ogwira ntchito. Ogwira ntchitowo nawonso amadzipatsa malikisi paokha, kenako mbali ziwirizi zimakumana n'kuyerekeza. Ubwino wake ndi woti amayi, abambo ndi achinyamata amayamba akambirana padera, choncho mawu a pamphasa aja amafika pagulu atalembedwa kale, osatheka kuwameza. Kuipa kwake ndi koti nthawi zambiri imayenda bungwe likakhalapo, pulojekiti ikatha nayonso imagona.

Mutandifunsa lero kuti ndalama ina ikabwera tichite bwanji, sindingatole njira imodzi n'kutaya zinazo. Mavuto atulukire pabwalo, amayi ndi achinyamata atayamba akumana paokha. VDC itenge mavutowo ikabwere ndi mitengo yake kuchokera kukhonsolo. Kusankha kukhale kwa mudzi wonse kuseri kwa chitenje. Kulondera kukhale kwa anthu a maere. Phungu ndi khansala akamenye nkhondo yoti ndalama ifike ndiponso pulani yathu iyankhidwe. Zimatenga nthawi, inde, mwina milungu itatu m'malo mwa m'mawa umodzi, ndipo pa ngozi yeniyeni, madzi akusefukira, palibe amene angadikire zitini. Pamenepo amfumu ndi komiti ya ngozi agamule basi.

Maganizo amenewa ndinakawatula kwa a gulupu athu madzulo ena, nditatenga nduna imodzi yondiperekeza. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Tsono alembi, mukatero ine ntchito yanga itsala chiyani?"

Ndinati, "Zikomo mfumu, bwalo ndi lanu, oitana anthu ndinu, ndipo njere zikawerengedwa wolengeza ndinu. Chimene chichoke kwa inu ndi kutukwanidwa kokha, chifukwa ogonja sadzati amfumu akondera."

Anaseka, n'kunena kuti pa ndalama ya boma sangayambire, tiyese kaye pa kanthu kakang'ono. Mudzi uli ndi kankhalango ka bulugamu kamene mitengo yake yakhwima, ndipo ikagulitsidwa pali kale mbali ziwiri: ena akufuna zipangizo zokonzera mipopi, ena akufuna ziwiya ndi matenti a pamaliro. Tapangana Lamulungu masana, tikatha kukolola. Zitini zapezeka, utoto wa njere walonjeza ndi mphunzitsi wina. Chimene sitinamvanebe n'chakuti mkamwini amene sanathe chaka pamudzi apatsidwe njere kapena ayi, ndipo nduna ija ikuti nkhani imeneyo iyambe yapita pabwalo.